Thandizo abale: pi uyu ndimufotokoze bwanji kwa mwana wa sitandade 3?

MakeTada_Matawale

Moni nonse muno. Ndili ndi kafunso, ena mwina museka koma ine kandisowetsa mtendere kuyambira Lachiwiri. Ndili ndi ana awiri, wamkulu ndi mnyamata ali sitandade 7, wamng'ono ndi mtsikana wa zaka 8 ali sitandade 3. Ndiye wamkuluyo anabwera ndi homuweki ya masamu zija za ma circle, wakhala pa mkeka akungoimba "pai is twente thuu ova seveni, pai is twente thuu ova seveni" ngati vesi ya ku Sande sukulu. Kamng'onoko kanali pambali kakundithandiza kusankha nyemba, kangodzutsa mutu nkuti amama pai wake uti ameneyo, uja wa nyama amagulitsa ku depoti uja? Tinaseka mpaka misozi.

Koma kuseka kutatha iye sanasiye, akuti nanga pai ndi chani, nanga bwanji 22 osangoti 20 yosavuta, anasankha ndani nambala imeneyo. Mkulu wake anangoti ndi mmene anatiuzira aphunzitsi usandisokose. Ine kukamwa yasa. Fomu 4 ndinalemba ine ndipo masamu ndinakhoza ndithu, koma ndaona tsopano kuti ndinkangoloweza basi. Bambo ake atabwera ku ntchito ndinawakankhira nkhaniyo, iwo anangoti pi ndi 3.14 nkutenga thaulo ulendo kubafa kkkk.

Dzulo ndinayesa kusaka pa foni koma zonse ndi chizungu chothyola mano mpaka bandulo kutha. Ine ndikufuna njira yoti mwana amve mu Chichewa chathu, ndi zinthu zoti zili pakhomo pano. Kapena ndingomuuza kuti adikire akafike yekha sitandade 7? Vuto mwanayu akagwira funso sataya, mpaka pogona akufunsabe.

MphunzitsiOpuma_Domasi

Make Tada, funso limenelo silopepera ayi, ndipo chonde musamuuze kuti adikire. Ine ndaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, ndipo ndivomere pano kuti zaka zanga zoyambirira nanenso ndinkangolemba 22/7 pa bolodi nkuwauza ana kuti lowezani. Ankakhoza mayeso inde, koma ukamufunsa mwana kuti 22 ameneyu wachokera kuti amangokuyang'ana.

Musayambe ndi dzina loti pi. Musayambenso ndi 22/7, mawu a circumference ndi diameter aja asiyeni kaye kwa mkulu wake. Mwana amayamba wabadwa, dzina limadza atatuluka m'chikuta.

Tengani chivundikiro cha poto, kapu, mbale ndi ndowa. Pezani ulusi kapena kachingwe ka thumba la feteleza. Mwanayo yekha, osati inu, azungulize ulusiwo m'mphepete mwa chivundikiro kamodzi, pomwe wakumana adule. Tsopano musanapitirize mufunseni kuti, ulusi wazungulirawu ukauyala pamwamba pa chivundikiro kuchokera mbali iyi kukafika mbali inayo kudutsa pakati penipeni, ukwana maulendo angati? Musiyeni alote. Ambiri amati kawiri. Ndiye ayeze. Apeza kamodzi, kawiri, katatu, nkutsala kachidutswa kakang'ono kolendewera.

Kenako mupatseni kapu, alotenso. Apa ana amati popeza kapu ndi yaing'ono ikwana kamodzi kapena kawiri basi. Ayeze, katatu ndi kachidutswa. Mupatseni ndowa, anena kuti iyi ndiye ka 10 chifukwa ndi yaikulu. Ayeze, katatu ndi kachidutswa. Pamenepo inu khalani chete muzingomuyang'ana nkhope, chifukwa ndi pomwe pali phunziro lonse. Chinthu chikhale chaching'ono ngati chitsekero cha botolo kapena chachikulu ngati nkhokwe, bola chikhale chozungulira bwino, kuzungulira kwake ndi katatu ndi kachidutswa ka kudutsa kwake. Akaziona yekha ka 4 kapena ka 5, ndiye mumuuze kuti katatu ndi kachidutswa kameneka anthu anakapatsa dzina, ndi pi uja amaimba achimwene ako.

Funso lake la 22 lija nalonso yankho lili mu ulusi momwemo. Tengani chivundikiro chachikulu kuti zioneke bwino. Kachidutswa kotsala kaja akadule, ndiye akayendetse pamwamba pa chivundikiro kudutsa pakati, aone kakwana kangati. Kakwana pafupifupi ka 7. Mwachitsanzo ngati chivundikiro chili masentimita 21 kudutsa, ulusi wozungulira ukhala pafupifupi 66. Maulendo atatu a 21 ndi 63, kutsala 3, ndipo 3 amalowa mu 21 ka 7. Ndiye muwerenge naye tizidutswa, ulendo woyamba tizidutswa 7, wachiwiri 7, wachitatu 7, zakwana 21, kuphatikiza kotsala kaja 22. Kuzungulira tizidutswa 22, kudutsa tizidutswa 7. Ndi 22 over 7 ameneyo. Palibe anakhala pansi nkusankha, ndi chivundikiro chanu chomwecho chikunena.

WaChanco_Chikanda

A Mphunzitsi mwaiphula bwino, ine ndikanaphunzitsidwa chonchi bwenzi masamu ndinayamba kuwakonda kalekale. Koma ndiwonjezereko kamodzi kokha chifukwa ine kanandipweteka nditafika ku koleji, 22/7 si pi weniweni. Ndi woyandikira chabe. Mukadina pa kakyuleta 22 kugawa ndi 7 mupeza 3.142857 ndiye manambala 142857 amenewo amangobwerera omwewo mpaka kalekale. Pi weniweni ndi 3.14159265 nkumapitirira, satha komanso alibe kagulu ka manambala kobwerezabwereza. Ndiye amagwirizana pa 3.14 pokha, kenako aliyense njira yake. Palibe fraction iliyonse (nambala yathunthu kugawa ndi inzake, ngati 22/7) padziko pano yomwe ingakhale ndendende pi, zimenezo anazitsimikiza katswiri wa masamu Johann Lambert m'zaka za m'ma 1760.

22/7 ameneyo mbiri yake imapita kwa Archimedes, mkulu wina wa ku Syracuse pa chilumba cha Sicily, anamwalira mu 212 BC. Iye sanagwiritse ulusi, anajambula chinthu cha mbali zowongoka mkati mwa circle ndi china kunja kwake, nkumachulukitsa mbalizo 6, 12, 24, 48 mpaka 96, kuipanikiza circle pakati ngati mbewa pa msampha. Anapeza kuti pi ndi wochepera pang'ono pa 3 ndi 1/7 koma woposa 3 ndi 10/71. Zonsezo pamanja, opanda kakyuleta, ndipo manambala awo sanali osavuta ngati athuwa. Ku China, Zu Chongzhi m'zaka za m'ma 400 anapeza 355/113 yomwe imalondola manambala 6 pambuyo pa kadontho. Aiguputo akale ankagwiritsa china chofika ngati 3.16. Kachizindikiro kaja kooneka ngati katebulo ndi chilembo cha Chigiriki, anayamba kukagwiritsa pa nambala imeneyi ndi William Jones mu 1706 kenako katswiri wina wa masamu, Euler, anakatchukitsa.

Ndipo kuli tsiku lake, 14 Malichi, chifukwa aku America amayamba kulemba mwezi ndiye zimakhala 3/14. Bungwe la maphunziro la UNESCO mu 2019 inalisandutsa tsiku la masamu padziko lonse. Ife timayamba ndi tsiku ndiye kwathu kuno loyenera ndi 22 Julaye, 22/7 kkkk.

MphunzitsiOpuma_Domasi

Mwana wanga wa ku Chanco, zonse wanenazo ndi zoona ndipo ndaphunzirapo, za mkulu wa ku China uja sindinkazidziwa. Koma ukamutsanulira mwana wa zaka 8 zonsezo tsiku limodzi ndiye ngati kumudyetsa khanda nsima ya mgaiwa ndi chambiko cha dzulo. Nchifukwa chake ndinati pafupifupi ka 7. Mawu oti pafupifupi akwanira kwa iye pakadali pano. Wa sitandade 7 uja ndi amene angauzidwe kuti 22/7 ndi woyandikira, komabe pa mayeso pepala likati gwiritsa 22/7 agwiritse 22/7, asakayambe kutsutsana ndi pepala.

Koma wandikumbutsa china ndi Archimedes wakoyo, chomwe ana amachikonda chifukwa chimachitikira panja. Make Tada, mwanayo anaonapo mbuzi yomangirira pa chikhomo mmene imadyera udzu mozungulira? Khomani chikhomo pabwalo, mangani chingwe, kunsonga kwake mangani kamtengo, ajambule chozungulira pa dothi monga amachitira akulu akafuna kuimika nkhokwe kapena kukumba chitsime. Akatero amasule chingwe chija osasintha kutalika kwake, ayambire pamalo amodzi pa mzere wozungulirawo nkumayeza molunjika chingwe chimodzi chimodzi, paliponse pomwe chafika aike mwala. Miyala ikwana 6 ndendende nkubwerera pomwe anayambira. Tsono chingwe chimodzi ndi theka la kudutsa, ndiye zingwe 6 ndi kudutsa katatu. Uyo 3 uja. Koma iye wadutsa njira zachidule kuchoka pa mwala kufika pa mwala, pomwe mzere weniweni ukukhota kunja pang'ono. Kukhota kumeneko ndiye kachidutswa kaja. Mwana akafunsa kuti chifukwa chani katatu osati kanayi, muonetseni miyalayo.

TelalaWaMumsika

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2 koma pi ameneyu ndimadya naye daily osadziwa kuti ndi wotchuka chonchi. Munthu akabwera kuti ndisokereni siketi ya flare ija yozungulira yonse, ndimayeza chiuno ndi tepi, nambalayo ndimagawa ndi 6.28, zomwe ndapezazo ndi zomwe ndimayeza kuchokera pa kona ya nsalu nditaipinda kanayi, nkudula. Chiuno cha 66 zimabwera 10 ndi hafu. Amene anandiphunzitsa kusoka anangondiuza kuti 6.28 usaiwale, sindinafunse. Lero powerenga apa ndi pomwe ndaona kuti ndi 3.14 kawiri. Ndikakhala pa changu ndimangogawa ndi 6 ndipo imatulukabe, kungoti chiuno chimamasuka pang'ono, ndimabweza ndi lamba kapena lasitiki.

Asisi ngati muli ndi tepi ya telala kunyumba mpatseni wamkulu uja ayeze ndi manambala pomwe wamng'ono akuyeza ndi ulusi, azipikisana.

MakeTada_Matawale

Zikomo nonse, koma abale zavuta kuno. Ndafika kunyumba ndi moto, ulusi sindinaupeze ndiye ndinatenga lekeni ija timamangira katundu pa njinga, chozungulira chomwe chinali pafupi ndi lichero. Mwana wazunguliza wakoka bwinobwino tadula, kuyala pamwamba, kamodzi, kawiri, kachitatu osafika nkomwe kumapeto. Ine ndinali nditamuuza kale kuti uona zikwana katatu ndi kachidutswa (ndinaiwala zoti ndikhale chete zija, pepani a Mphunzitsi). Pano akuti anthu anu a pa foniwo ndi onama. Mkulu wake akungoseka. Ndalakwitsa pati?

MphunzitsiOpuma_Domasi

Kkkk mayi mwalakwitsa pawiri koma musadandaule, zimachitika ndi m'kalasi momwe. Lekeni imatamuka. Pozunguliza anaikoka inatalika, mutadula inabwerera, ndiye yafupika. Pezani chinthu chosatamuka, ngakhale luzi kapena kachingwe ka pa thumba la ufa. Chachiwiri lichero, makamaka lakale, silikhala lozungulira ndendende, limakhala lotalikirako mbali imodzi chifukwa cha kupeta ndi kuponderezedwa. Mukayeza kudutsa ku mbali yaitaliyo ulusi uperewera. Tengani zinthu za ku fakitale, chivundikiro cha poto chosapindika, chitini cha mkaka, mbale ya dothi ija ya alendo.

Chinanso muonetsetse kuti akudutsadi pakati. Akalambalala pakati mzere umafupika ndiye apeza katatu ndi theka kapena kuposa. Njira yake agwire ulusi pa mphepete ndi chala chimodzi, mbali inayo aziyendetsa uku ndi uku mpaka apeze pomwe pali patali kwambiri, pamenepo ndiye pakati.

Ndipo musabise kuti zinakanika. Bwererani ku lichero lomwelo mutatha zinazo, mumufunse kuti iwe ukuganiza kuti ili lakana chifukwa chani. Musiyeni aliyang'ane yekha. Zoti anthu a pa foni ndi onama zandisangalatsa, mwana wosakhulupirira msanga ngati ameneyo ndi amene ndinkamufuna m'kalasi mwanga.

CheKabaza_Chinamwali

Nkhani yabwino iyi, ine ndiponyeko ya ntchito yanga. Ngati pakhomopo pali njinga palibe chifukwa chovutikira ndi ulusi woterera. Lembani tayala ndi choko kapena khala pomwe lagunda pansi, lembaninso pa dothi pomwepo. Mwana akankhe njinga molunjika mpaka chizindikiro chija chibwererenso pansi, alembe pamenepo. Mtunda umenewo ndiye kuzungulira kwa tayala, wagona pansi wowongoka aliyense akuuona. Kenako dulani kabango kotalika ngati tayala kuchoka pansi kufika pamwamba, agoneke pa mtundawo. Katatu ndi kotsala, simungaphonye.

Njinga zathu zakabazazi tayala lake ndi saizi 28, ndiye ndawerengera ndi 22/7 wanuyo zikubwera mainchesi 88, kuposa mamita awiri pang'ono. Ndiye kuti pa kilomita imodzi tayala limazungulira maulendo ngati 450. Kasitomala akamadandaula mtengo ndizimuuza zimenezi kkkk. Nchifukwa chakenso kanjinga ka mwana kamatsalira, tayala laling'ono likazungulira kamodzi layenda pang'ono.

MkuluWaMpingo_Sadzi

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pali chomwe ndikufuna ophunzira inu mundimasulire. Pa 1 Mafumu 7:23 pali nkhani ya chimbiya chachikulu chamkuwa cha m'kachisi wa Solomo, chozungulira, kudutsa kwake mikono 10 ndipo chingwe chochizungulira mikono 30. Pamenepo ndiye kuti ndi 3 chabe opanda kachidutswa kanuko. Nanga mwana wochenjera ngati ameneyu akadzawerenga pamenepo nkufunsa tidzamuyankha chani?

WaChanco_Chikanda

Abambo funso limenelo anthu akhala akulifunsa kuyambira kale. Mukachulukitsa 10 ndi pi mupeza 31 ndi kachidutswa, ndiye 30 yaperewera ndi mkono umodzi ndi pang'ono. Ine mmene ndimaonera wolembayo ankafotokoza kukula kwa chinthu osati kuphunzitsa masamu, ngati mmene inu munganenere kuti ku Blantyre ndi ola limodzi pa minibasi, palibe amakufunsani za mphindi. Komanso mkono ndi muyezo wa pa thupi, wanu ndi wanga si wofanana. Kudutsa kukanakhala 9 ndi theka nkuposako pang'ono munthu akhoza kunena kuti 10, kuzungulira nkukhaladi pafupi ndi 30. A telala aja anena okha kuti akakhala pa changu amagawa ndi 6 m'malo mwa 6.28 ndipo siketi imavalika, ameneyo ndi pi wa 3 yemweyo.

Zimangotengera kuti ukupanga chani. Woluka nkhokwe 3 amukwanira nkuwonjezera nsungwi pang'ono. Wa sitandade 7 ndi 22/7. Ndipo kusiyana kwa 22/7 ndi pi weniweni nkochepa zedi, pa chitsime cha mita imodzi kudutsa mungaphonye ndi milimita imodzi ndi kachidutswa basi. A NASA otumiza zombo kumwamba amagwiritsa manambala 15 okha pambuyo pa kadontho, pomwe makompyuta anawerengera kale mpaka ma trillion. Enawo ndi mpikisano chabe.

A Mphunzitsi ndavomera, za Lambert zija ndinapitirira nazo. Koma ndikupemphabe kamodzi, mwanayo akafunsa kuti kachidutswako ndi kotalika bwanji ndendende, Make Tada musamunamize kuti ndi 1/7 basi. Mungomuuza kuti anthu akhala akukayeza zaka zoposa 2000 ndipo manambala ake satha. Ana zinthu zosatha amazikonda, ine kamlongo wanga nditakauza kanakhala sabata yonse kakundifunsa kuti nanga nambala yomaliza ndi chani.

MakeTada_Matawale

Abale zatheka!! Ndinakapempha ulusi wolukira kwa aneba koma nawonso unali wotamuka ndiye tinamasula kachingwe ka pa thumba la chimanga. Chivundikiro cha poto wa nyemba, katatu ndi kachidutswa. Chitini cha mkaka chimodzimodzi. Pa ndowa analota ka 8, atayeza anakhala kaye duu kenako akuti amama ndowayi yabera, anayezanso kawiri. Ulendo uno ndinatseka pakamwa a Mphunzitsi. Za tizidutswa 7 zija tinapeza 6 ndi theka koma mkulu wake ndi amene anadumpha, akuti ooo ndiye 22 uja ndi ameneyu, anatenga tepi nkuyamba kuyeza yekha mbale zonse za m'nyumba, homuweki anamaliza osaimba. Lichero analiyang'ana nkunena kuti ndi lopindika ngati dzira.

Che Kabaza ya njinga tipanga Loweruka bambo ake akakhala pakhomo, naonso aone kuti 3.14 wawo uja amachokera kuti.

Koma pano ndili pa mavuto ena. Wayeza mtondo, wayeza chigubu, wayeza mutu wa agogo ake ali mtulo, mimba ya bambo ake anakana okha. Usiku tili panja magetsi atazima waloza mwezi akuti nanga uwo nawonso ndi katatu ndi kachidutswa? Ndinati eya. Akuti munauyeza ndi chingwe chanji? A Chanco bwerani kuno muyankhe, ine ndikukaphika.